Inki Yofiira

Nkhani yanga yabwerako ikuchucha magazi.
Mayi Namagowa ailima ndi cholembera chofiira,
tsamba loyamba lonse alidula ndi mzere umodzi
ngati msewu wa boma pakati pa munda wa eni.
M'mphepete alemba kuti:
"Nkhani yako yayambira pa tsamba lachiwiri.
Konseku umangotsokomola."

Ndatsetsereka nayo kuchoka ku Chirunga,
ndafika ku Chikanda magetsi atathima,
ndipo m'kachipinda ka lendi
ndikuiwerenganso ndi tochi ya foni.

Pomwe ndinati, "Mtsikanayo anali ndi chisoni chachikulu,"
iwo afunsa: "Chisonicho chinavala chiyani?
Chinakhala pa mpando uti?
Ndionetse, usandiuze."
Pomwe bambo wa m'nkhanimo wafa mu ndime yachitatu
akuti: "Wamupha msanga.
Timlire bwanji munthu
woti ngakhale kuseka kwake sitinakumve?"

Ndinafuna kuyankha kuti:
Mayi, lole ya matabwa yotsika m'phiri ija
sinadikire ndime yachisanu,
sinafunse ngati owerenga akonzeka.
Koma m'kalasi sayankha choncho.
Ndinangopinda pepala panayi.

Loweruka ndapita kwathu ku Chinamwali.
Njinga ya kabaza ikadali kuseri kwa nyumba,
yatsamira khoma, matayala anaphwa kalekale,
kampando ka kumbuyo kang'ambika, siponji ili panja,
thadzi laikira mazira munsi mwake.
Amayi amayanikapo zitenje masiku ano.
Dzimbiri ladya tcheni, ladya masipoko,
koma belu lokha lili mbee.
Alipo amene amalipukuta.
Sindinafunse.

Usiku womwewo ndakhala pa mkeka, kope pa bondo,
ndawadzutsa bambo aja.
Ndawabwezera jekete lawo la thumba lobooka,
mandasi awiri ophwanyika m'thumba linalo,
thukuta la chitunda cha ku Matawale,
ndi mawu awo aja:
"Wonenepa ndi woonda mtengo ndi umodzi,
kusiyana kwawo amakudziwa ndi mawondo."
Ndawasiya aseke mpaka kutsamwa.
Ndawasiya aimbe belu kawiri pa kona ya chigayo
kuti galu ayambe kuthamanga.
Masamba anayi athunthu ali moyo,
ndikuzengereza dala,
ndikuwapatsa makasitomala ena, mvula ina, ngongole ina,
poti ndikudziwa chimene chikutsika m'phiri
ndipo iwo sakudziwa.

Kodi luso lija n'limeneli?
Kudziwa, n'kukhala chete?

Loleyo sindinailembe.
Ndalemba galu ali pa kona ya chigayo
mpaka mdima,
ndi dzanja la mayi, ndi kansanza.

Lachitatu pepala labwerako loyera,
kupatula pansi penipeni
pomwe ndinawonjezera kuti, "Motero tinaphunzira kuti moyo..."
Apo adula,
ndipo ndi zilembo zing'onozing'ono, zopendekeka pang'ono,
alemba kuti:
"Lekera pomwepa. Belu lamveka kale."