Tsiku Limene Ndinazunguliza

Pa kalendala ya kubutchala, kuseri kwa chitseko
cha kachipinda kanga ku Rosettenville,
ndinazunguliza tsiku ndi bolopeni yofiira:
pa 9 Meyi Sungeni akwanitsa zaka khumi, zisanu ndi zitatu.
Ndinati pamenepo ngongole yatha,
ndigula malata a nyumba ya ku Linthipe
imene yakhala ikumwa mvula dzinja lachinayi tsopano.

Chilekanirane ndi Esinati
foni yanga imalira pa 25 mwezi uliwonse,
banki kundiuza kuti ndalama zapita ku Cosmo City.
Sindinaphonyepo,
kupatula chaka chija fakitale inatseka,
ndi Disembala wina amene sindifuna kumukamba.

Meyi anafika, anadutsa.
Juni anabwera ndi chisanu chake ndi kalata ya kukhoti.

Ndinapita nditavala jekete yaulonda, ndisanagone.
Pabenchi ndinayembekeza kuona mayi ake,
mawu ndinali nditawanola usiku wonse pageti.
Koma anakhala pamenepo ndi iye mwini,
faelo yabuluu pamiyendo,
chipumi changa chenicheni,
ngakhale kakhalidwe kopinda phazi limodzi kumbuyo
ngati malemu bambo anga.

M'faelo munali fizi ya kukoleji ya unamwino,
mabuku, yunifolomu, ya takisi m'mawa ndi madzulo.
Anawerenga yekha, mawu osanjenjemera,
m'Chingerezi chimene ndinalipira ndine.

Ndinafunsa majisitireti funso limodzi lokha:
mpaka liti?
Mayiyo anavula magalasi.
Anati mwana sathera pa tsiku lobadwa, bambo,
mudzasiya akadzaima payekha.
Anagawa mtolo pawiri, mbali yaikulu kwa ine,
inayo kwa Esinati amene amachapa za azungu ku Fourways.
Ndinafuna deti loti ndikalembe.
Sanandipatse.

Panja mphepo inkauluza mapepala mumsewu.
Sungeni anaima pa mayi wogulitsa magwinya,
anagula awiri ndi ndalama zake zasiliva,
nandipatsa limodzi m'kapulasitiki.
Ababa, mwaonda.
Anatero m'Chichewa chopindika, cha mwana wa ku Joni,
chimene sindinamuphunzitse ndine.
Ndinafuna kumuuza za malata,
za khoma lakumvuma limene layamba kung'aluka.
Ndinangofunsa kuti magazi samuopsa?
Anaseka. Mano ndi a mayi ake.

Kwathu amati mwana sakulira nakubala.
Ndinkayesa mwambiwo umanena za ulemu
umene iye adzandipatse ine.

Usiku uno ndili pageti ku City Deep,
mathiraki akulowa, ndikulemba manambala.
Kuseri kwa bukhu ndawerengera zaka zitatu,
mwina zinayi akalephera phunziro lina.
Kalendala ya kubutchala ithera pa Disembala.
Chizungulire chofiira chija chikadali pa Meyi,
sindinachifute,
ndipo ku Linthipe mvula iyamba mwezi wamawa.