Mizimu Sidula Lisiti

Dafuleni adasowa Lachiwiri,
dengu lake la tiyi litagona mu mzere wachisanu ndi chinayi,
masamba akufota.
Tidamufuna ku Likhubula, kuchipatala, kupolisi ya pa boma.
Enelesi adalira mpaka mawu kusasa.

Dzulo watulukira, patatha masiku khumi ndi limodzi.
Akuti nkhungu ya ku Sapitwa idamumeza.
Akuti kumeneko adakhalako ola limodzi lokha,
mizimu itamukankhira chitseko cha mawa:
waona Chitakale ya zaka makumi asanu zikubwerazo,
tiyi akudzithyola yekha,
ana athu ali mbuu ndi imvi.
Anthu aunjikana pakhonde pake ngati nyerere pa khoko la nzimbe.
Wina wapereka kale faifi handiredi
kuti amve ngati adzakwatiwe.

Ine ntchito yanga ndi sikelo.
Zaka khumi ndi ziwiri ndikukoleka matumba pa mbedza.
Sindilemba kilo chifukwa munthu walumbira pali malemu amake.
Ndimadikira muvi uime.

Ndiye ndamuyang'ana.
Ola limodzi, koma ndevu zafika apa!
Phiri lonse lija, minga ndi matanthwe,
koma nsapato n'zatsopano,
mtengo wa choko ukadali kunsi.
M'thumba la shati mukusuzumira kapepala
ka resitihausi ya ku Milanje, kutsidya kwa Muloza.
Chipinda nambala folo. Anthu awiri.

Ndamufunsa kamodzi kokha:
iwe woponda m'mawa mwathu,
chiperoni chibwera Lachisanu kapena ayi?
Wati zobisika saululira okayika.

Sindikunena kuti phiri ndalimvetsa.
Atsibweni anga a Mukhova adakwera kukatema mkungudza
ine ndili sitandade thuu,
ndipo ngakhale chipewa chawo sitidachitole.
Mwina phompho. Mwina kuzizira. Sindikudziwa.
Liwu limenelo ndalisenza zaka zonsezi,
limalemera,
koma sindinalisinthanitse ndi nthano
kuti phewa lipume.

Usiku ndadutsa kuseri kwa nyumba yawo.
Enelesi amachapa shati ija mu beseni, osayimba.
Kapepala adakatulutsa kasananyowe,
wakasindikiza ndi mwala pa zenera
pamene mwini wake akakaone podzuka.

Mawa belu lilira sikisi koloko, monga dzana.
Wa kutsogoloyo adzaima pamzere ngati tonse,
mame akumunyowetsa mawondo,
ndipo ine ndidzalemba
zomwe muvi wanena.