Dzanja la pa Chithunzi

Tinatsika minibasi pa Mitundu,
kenaka kabaza, fumbi la Okutobala m'mano,
malume Jailosi ali mu jekete ya maukwati
ngati kuli wina akawalandire.

Pageti anatilipiritsa.
Malume anawerenga ndalama kawiri, naseka:
"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkalowa pano ulere,
chipewa chili m'manja."

Sungeni, mtsikana wotiyendetsa, mawu ake ngoloweza:
apa mtsogoleri wakale ankamwera tiyi,
apa ankalandirira nduna,
galimoto yake ndi iyi.
Matayala anaphwa kale,
thadzi likufungatira mazira pampando wakumbuyo.
"Mibawa yonseyi anadzala ndi manja ake."

Malume anakhosomola.
"Umodzi," anandinong'oneza, "wopindikawo.
Dzenje tinakumba ndife.
Wojambula atapita, tinaudzalanso bwino."

Kukhola kulibe ng'ombe.
Dibi launa, abuluzi akuwothera dzuwa pasimenti.
Koma iwo anatsamira mpanda
n'kuyamba kuitana: Dona! Kamphepo! Sitima!
Nyanga-imodzi, wamwano iwe!
Mbuzi ya mlonda inatukula mutu,
n'kubwerera ku chisoso chake.

Ndinafunsa: kodi anali munthu wabwino?
Anayang'ana kumene kunali komboni,
lero munda wa soya, wokolola kale.
"Chaka cha njala anatitsekulira nkhokwe,
amayi ako ali moyo chifukwa cha chimanga chimenecho.
Chaka chomwecho Fulaye anamutenga usiku
pa nkhani ya botolo limodzi la mkaka.
Njinga yake inakhala pansi pa mango mpaka dzimbiri.
Tsono iwe, wasukulu, wonkhetsa."

Sindinawonkhetse.

M'nyumba muli fungo la polishi ndi mileme.
Chingwe chofiira chatchinga mipando.
Pakhoma, chithunzi chachikulu:
mtsogoleri, suti yoyera, akusisita nkhunzi
imene inapambana pa chionetsero ku Lilongwe.
Kumphepete, pamene felemu yadula dziko,
pali dzanja lakuda logwira chingwe,
chala chaching'ono chopindika.

Malume anatulutsa lawo m'thumba,
nalitukula pafupi ndi galasi.
Chala chomwecho.

"Musakhudze, agogo," anatero Sungeni,
kenaka anaona.
Mawu oloweza aja anamuthera.
Anayang'ana khomo, nayang'ana ife,
namasula chingwe chofiira.

Malume anakhala pampando wa mtsogoleri
mphindi imodzi, mwina ziwiri,
chipewa chili kumutu.
Anayang'ana pawindo, mpaka ku phiri la Bunda.
"Ngolimba," anatero podzuka.
"Zaka zonsezi ndinkayesa ngofewa."

Buku la alendo linali pakhonde.
Ine ndinalemba dzina ndi tsiku.
Iwo sadziwa kulemba;
anapempha inki ya chidindo cha malisiti,
nadinda chala chopindikacho
pansi pa dzina la mzungu wa ku Holande.

Pobwerera kabaza anakweza mtengo.
Malume sanatsutse.
M'thumba la jekete munali mbewu zitatu za mbawa.