Mphindi Zitatu

Ine ntchito yanga imathera pakhomo.
Ndikawatsitsa a Nachanza ndimakaimika galimoto
pamthunzi, kuseri kwa Nyumba ya Malamulo,
n'kugonetsa mpando, n'kutsegula wailesi.

Lero alankhula.
Ndagonera zimenezi pamzere wa mafuta ku Kanengo,
udzudzu ukundiyesa ndiwo,
kuti asachedwe.

M'kabokosi ka kutsogoloku muli timapepala.
Kena anang'amba m'kope la mwana wa sitandade faifi,
kena n'kuseri kwa lisiti la kuchigayo,
kena n'kachidutswa ka paketi ya shuga.
Loweruka anthu ankatiponyera pawindo tikunyamuka.
Usiku magetsi atazima
a Nachanza anatiwerenga ndi tochi ya foni
n'kutiveka Chingerezi,
poti m'nyumba umu Chichewa chimatsala panja
ngati ine.

Ndamva dzina la dera lathu. Ndakweza.

Ayamba ndi feteleza.
Mawu ake ngomanga tayi, ena akundidutsa,
koma ine ndikuona a Jelemoti Kamzimbi
tsiku lachinayi pakhonde la depoti,
chitupa cha unzika m'thumba la malaya,
akuuzidwa kuti netiweki yathawa
pomwe chimanga kumunda chikuchita chikasu
osadikira netiweki.

Afika pachipatala chaching'ono cha kwa Gwirize.
Akuti ambulansi ili pamiyala chaka chachiwiri.
Izi sindifuna womasulira.
Velina anachirira pampando wakumbuyowu
tisanafike n'komwe patala,
ine ndikuyendetsa ndi dzanja limodzi, lina likuimba huta.
Mwana anamutcha Fulumira.
Banga lake ndachapa ndi sopo, ndi mandimu, ndi phulusa,
lilipobe.

Wina wakuwa kumipando yakumbuyo.
Ena akumenya matebulo.
Pawailesi sungadziwe ngati akuvomereza
kapena akungothamangitsa tulo ta masana.

Mlatho.
Aunena mothamanga, nthawi ikuwapumira m'khosi.
Sananene kuti chiugwereni
wa kabaza amatchaja kawiri, tsidya lino ndi tsidya ilo,
kuti lole ya ogula soya imabwerera pamtsinje,
ndipo amawoloka ndi venda yekha
ndi sikelo yake yodziwa kuchotsera.

Tsopano mitengo ya zinthu.
Mchere, sopo, mafuta ophikira a m'kachubu.
Apa ndatsitsako wailesi,
chifukwa nane landilodi wa ku Mtsiriza
wandilembera kapepala kake,
ndipo sindinakaike m'kabokosi.

Akadali pakati pa chiganizo, mawu aduka.
Mphindi zitatu zatha.

Nduna yaimirira, mawu ake osalala ngati msewu wa ku Kapitolo.
Boma likudziwa. Boma lili ndi chidwi.
Ndalama zikapezeka.
Lekitala, amene amayendetsa nduna yomweyo,
wagogoda pawindo langa
kundipempha ndimubwereke ya chipisi mpaka pa twente seveni.
Tagawana chinangwa chomwe ndinali nacho.

Dzuwa litapendeka atuluka.
Akhala kumbuyo, pambali pa banga lija,
avula nsapato, mapazi otupa.
Foni yawo ili ndi mamisidikolo makumi anayi.
Woyamba kuyankhidwa ndi wa maliro:
bokosi, thumba la ufa, ndi galimoto yokatenga thupi ku Sentulo.
Galimoto yake ndi ino.

Ndalankhula bwanji, a Sitoliko?
Mwalankhula, bwana.
Andimva?
Ndayang'ana kasingano ka mafuta, katsala pang'ono kugona.
Kwa Gwirize akumvani, ndatero,
amene ali ndi mabatire.

Tikutsika ku Lingadzi atsegula chikwama,
apeza kapepala ka paketi ya shuga kaja.
Aka sindinakafikire, akutero.
Akawerenga mokweza, m'Chichewa chake chomwecho,
zilembo zopendama za munthu wosazolowera cholembera,
wopanda dzina, wopanda nambala:

Musakanene chilichonse.
Mudzangobwera nawo mvula ikugwa,
adzawoloke okha.