Pepala la Mtima wa Bambo

Munagona chagada pa bedi lachitatu,
malaya ali pa msomali,
ine ndikumata mawaya pachifuwa
chomwe ndinkatsamira pa njinga pochokera ku Santhe.
Munati, "Nasilina, usandiwotche ndi magetsi akowa."
Ndinati, "Magetsi ndi anu, bambo.
Makinawa akungomvetsera."

Zaka makumi atatu mukukonza mijigo
kuyambira Chamama mpaka Lisasadzi,
ndiye ndikuuzani m'chinenero cha sipanala.

Onani kachulu aka papepala.
Apa kamoto kayaka pamwamba pa mtima,
kopanda woyatsa, kopanda machesi.
Zipinda zam'mwamba zamva, zafinya,
zakhuthulira otsala m'zipinda zapansi
monga mupendeketsa ndowa kuti mgolo udzaze.

Kenako kamzere kogona.
Moto waima pakhomo, ukuodira.

Ndiyeno nsonga iyi, yakuthwa ngati munga wa mthethe.
Zipinda zapansi zakunga,
zitseko zapakati phaa!
Ndiyo "du" yoyamba ija.
Kwa kamphindi makomo onse ngotseka,
magazi sakuchepa, sakuchuluka,
mphamvu yokha ikukwera,
ngati mwakanikiza mkono wa mjigo,
mapewa amva kulemera
koma kukamwa kwa paipi kukadali gwaa.
Chitseko cha msempha waukulu chigonja,
magazi thoo, ulendo wa ku mutu,
ku mawondo, ku chala chija chinaphwanyidwa ndi tcheni.
Sapita onse ayi.
Mtima susesa nkhokwe, umasiyako mbewu.

Kamtunda kofatsa aka ndi mnofu ukumasuka.
Mphamvu itsika, magazi afuna kubwerera,
apeza chitseko chatsekeka: "du" yachiwiri.
Ndipo chete.
M'chetemo ndi momwe mtima umadzadza,
ndi momwe nawonso umamwa.
Inu amene simunaphunzire kukhala pansi,
mwamva?

Simunayankhe.
Munaloza chomvera chili m'khosi mwanga.
Ndinakuvekani m'makutu,
ndinaika chitsulo chozizira pansi pa bere lamanzere.
Panja minibasi ya ku Mzuzu inkaitanira anthu,
mwana ankalira ku wodi ya amayi,
inu maso tsinzi,
monga munkachitira mutagunditsa khutu pa paipi
mudzi wonse uli pamzere ndi zigubu.

Du, fuu, du.
Du, fuu, du.

Ine ndinali nditaumva kale mpweya umenewo,
ndinkangosowa poyambira.
Mawu a m'buku anali atandiuma pakhosi.

Munavula chomvera, n'kuchipukuta ndi chala.
"Labala watha," munatero.
"Madzi akubwerera pansi.
N'chifukwa chake ndikumapuma kawiri
pa chitunda cha kwa Wimbe."

Ndinalemba kalata ya ku Lilongwe
dzanja likunjenjemera,
mzere wanga wokhota kuposa wanu.
Munapinda pepala lija kanayi,
n'kuliika m'thumba muli mabawuti awiri ndi chiphaso.

"Mjigo wotere sitigwetsera miyala," munati.
"Timapopa mofatsa.
Tandipatsa malaya."