Makatoni Sindiwataya

Makatoni sindiwataya ayi, Lamont.
Ali kuseri kwa firiji, opindapinda,
ena akadali ndi fumbi la ku Kansas,
kukoleji komwe unkagona pansi mu ofesi,
malipiro ako ali mbale ya nyemba
ndi mawu akuti chaka chamawa.

Ku Ohio anakupatsa anyamata asanu ndi mmodzi
ndi wenzulo yakoyako.
Tinagula makatani.
Disembala, timu itagonja kasanu ndi kawiri,
kochi wamkulu anamulozera khomo.
Mtengo ukamagwa mbalame sazifunsa.

Odessa waphunzira kuwerenga m'masukulu atatu.
Jezi yofiira, yobiriwira, pano yachikasu.
Dzulo amandifunsa
kuti chaka chino tikudana ndi ndani.

Usiku uno chipale chofewa chakwirira Wyoming.
Uli pabalaza, kubwereza filimu yomweyo:
mnyamata wa chisoti akuterereka, kudzuka chambuyo,
kutererekanso,
iwe ukujambula timivi papepala
ta munthu wina amene adzaombedwere m'manja.

Foni yanjenjemera patebulo.
Nambala ya ku Texas.

Wandiyang'ana, sunanene kanthu.
Ine ndatsegula kale kabati,
kufunafuna pomwe ndinaika selotepi.