Nthambo Zitatu za kwa Che Dalabu

Che Dalabu amazipachika pa msomali
ngati matumbo a mbuzi ku butchala,
zakuda, zoyera, ina yapinki,
ndipo zonse, akutero, ndi orijino.

Yoyamba ndinagula ndi ndalama ya sopo.
Inalowa mu kamera, inalowa mu laputopu,
kanyali kanayaka, ine nkuti zatheka.
Koma inali yonyamula moto wokha,
chithunzi ayi,
ngati wakabaza wofika pakhomo belu lili ngiringiri
katundu atamuiwala ku depoti.

Yachiwiri inali yaitali, mikono isanu,
yoonda ngati ulusi wa telala.
Zithunzi zinkadutsamo, inde,
koma mwa kayendedwe ka mzere wa ku banki mwezi ukatha.
Ndikadina, nkudikira.
Kasitomala thukuta kamukamu mu jekete yobwereka,
kolala nkunyowa,
kumwetulira nkuuma pamilomo,
kamzere kakali kukwawa pa sikirini.
Tsiku lina inadukiza mkwatibwi pakati:
mutu unafika ndi maluwa ake,
mapewa anatsalira m'njira.

Ndinamuimbira Twaibu, mwini situdiyo ino,
amene anandisiyira makiyi ndi ngongole ya lendi
napita ku Joni kukathira petulo m'magalimoto a eni.
Anaseka. Chemwali, usamaone khungu,
suzumira m'kamwa mwake.
Ukaona lilime la buluu, imeneyo imathamanga.
Ikhale yonenepa, isatalikitse,
mamita awiri, atatu ndiye malire,
pokhapokha ili ndi kachotupa pakati koonjezera mphamvu.
Ndipo uimangirire ku mwendo wa choimikira,
wopunthwa akoke mwendowo,
asang'ambe kabowo ka kamera,
pakuti kabowo kameneko kulibe wokonza kuno ku boma.
Ndimati ndifunse za iye mwini,
mayunitsi nkutha.

Ndinabwerera kwa Che Dalabu ndi tochi ya foni,
nkumazisuzumira imodzi imodzi
ngati dotolo wa mano.
Anandiyang'ana, nakanda ndevu,
nawerama pansi pa benchi,
natulutsa ya m'pepala, yosapachikidwa,
ya mtengo wa nkhuku zitatu.
Iyi, akuti, sitionetsa aliyense.

Lero m'mawa kunabwera mnyamata wa ku Namwera,
Jafali, wofuna chithunzi cha pasipoti.
Amayi ake anakhala pa mpando wa pulasitiki,
chikwama pamiyendo, duu.
Osamwetulira, ndinamuuza, makutu onse aoneke.
Ndinadina.
Chala chisanachoke pa batani
nkhope inali itafika kale pa laputopu,
yaikulu kuposa ya mwini wake,
chipsera cha pachibwano, mzere wa lumo la dzulo,
ngakhale kamtsempha kogunda m'mbali mwa diso
kanaima pomwepo.

Amayi aja anadzuka.
Anayandikira mpaka mpweya wawo unachita nkhungu pa galasi.
Awa ndi bambo ake, anatero,
chaka chimene ananyamuka.
Kenaka anatembenukira kwa ine, osati kwa mwana:
Fufutani. Mujambulenso. Yafulumira kwambiri.

Ndinajambulanso kanayi.
Kanayi konse inafika msanga,
kanayi konse nkhope yomweyo.

Atapita ndinakulunga nthambo padzanja,
mozunguliza, osapinda, monga anandiphunzitsa Twaibu,
amene mawu ake amandipeza moduka-duka,
amene chithunzi chake chatsopano ncha zaka zitatu zapitazo,
ataima pambali pa galimoto isali yake.

Kunja akabaza akulimbirana njira ya ku mlatho.
Magetsi athima, batire latsala theka,
ndipo Lachisanu kukubwera anyamata ena asanu ndi mmodzi
a ku Chimwala, onse a pasipoti.
Yonyamula moto ija ndimatchajira foni.
Yaitali ija, yochedwa,
sindinaitaye.
Ili m'dirowa, pansi pa malisiti,
mwina kudzabweranso mayi wina
wofuna kuti mwana wake achedweko m'njira.